Mawindo 7 ndi nkhwani wa ku Over-the-Rhine: momwe ntchito ikuyendera

Malichi, sabata yoyamba

Nyumbayi tinaigula chaka chatha mu Novembala, koma ntchito yeniyeni yayamba lero. Miyezi yonse yachisanu tinangomata mapulasitiki m'mawindo n'kumagona titavala masokosi awiriawiri. Ndi kanyumba ka njerwa zofiira, kosanja kamodzi, kopanikizika pakati pa zinzake ngati munthu wokhala pampando wapakati m'minibasi. Kali kumpoto kwa Liberty Street, muno mu Over-the-Rhine mumzinda wa Cincinnati, ku America. Kuchoka pakhomo mpaka pa Findlay Market ndi mphindi zinayi zokha wapansi, ndipo kunena zoona msikawo ndi umene unatikopa. Nyumbayo payokha sikanakopa munthu.

Ntchito zilipo zitatu. Mawindo a matabwa 7, anayi kumaso ndi atatu kuseri, palibe ndi limodzi lomwe limene limatseguka. Khoma lakuseri likusuwa njerwa. Ndiye pali kabwalo kakuseri kodzaza zidutswa za mabotolo, komwe mayi a kunyumba akufuna dimba.

Za mawindo tinakangana mpaka usiku. Iwo amati tigule a pulasitiki, tiike, nkhani ithe. Koma dera lino ndi lotetezedwa chifukwa cha mbiri yake, linalowa m'kaundula wa dziko wa malo akale mu 1983, ndipo chilichonse chosintha maonekedwe a nyumba kunja chimafuna chilolezo cha khonsolo. Kukonza zomwe zilipo kale ndiye njira yachidule. China n'chakuti matabwa a mawindowa anachekedwa m'mitengo yakalekale, yokhwima, yomwe masiku ano simungaipeze m'sitolo. Ndabaya felemu iliyonse ndi sikuludiraiva: zowola ndi ziwiri zokha, m'munsi momwe mumakhala madzi. "Chabwino bambo," anatero mayi, "koma chisanu chikadzabwera ine ndisadzaonenso pulasitiki." Ndalonjeza Okutobala.

Malichi, kumapeto

Windo loyamba latsika. Landitengera masiku atatu.

Mawindo amenewa satseguka ngati chitseko. Ndi zigawo ziwiri, chapamwamba ndi chapansi, zotsetsereka chokwera ndi chotsika. Chigawo chilichonse chimamangidwa ndi zingwe ziwiri zodutsa pa timawilo, ndipo kumapeto kwa chingwe kumalendewera chitsulo cholemera chobisika m'kati mwa felemu. Chitsulocho chikalingana kulemera ndi windo, mwana amene akhoza kulikweza ndi chala chimodzi n'kuima pomwe walisiya. Zathu zingwe zinaduka kalekale. Nditatsegula kachitseko ka m'mbali mwa felemu ndinapeza zitsulo zili phee pansi, zokutidwa ndi mwaye wa malasha. Wina m'mbuyomu, m'malo mosintha chingwe, anangokhomera windo misomali n'kupakapo penti. Wobwera pambuyo pake anapakanso. Ndawerenga mitundu isanu ndi umodzi ya penti, wapansi penipeni wobiriwira.

Vuto lagona pa pentiyo. Boma la America linaletsa penti wa mtovu m'nyumba mu 1978, ndiye nyumba ya m'ma 1880 ngati ino musafunse n'komwe. Ndayeza ndi timitengo toyezera tija, tafiira pompopompo. Tili ndi mwana wa zaka zitatu amene chilichonse amaika m'kamwa, ndipo mtovu umaononga ubongo wa ana. Choncho sandipepa wouma ayi, kuwotcha ndi moto ayi. Ndapanga bokosi lofukiziramo nthunzi: windo limakhala m'menemo mwina theka la ola, penti ndi putty (phala lomatira galasi pa windo) zimafewa, ndimapala zikadali zonyowa. Ntchito yonse ndikugwirira m'chipinda chapansi chotseka, zovala ndimavulira komweko.

Lachinayi sindinagwire kanthu. Linali tsiku lotsegulira mpikisano wa baseball, ndipo perete wa tsikuli amanyamukira pa Findlay Market pomwepa, mwambo womwe wapitirira zaka 100. Anthu ovala zofiira za timu ya Reds anadzaza misewu kuyambira m'mawa. Masewerawo sindimawamvetsa mpaka lero, koma ng'oma ndi ng'oma, mwana anavina.

Epulo

Ndaswa galasi. Linali lakale lija looneka ngati madzi akuyenda, loti ukasuzumira nyumba za tsidya la msewu zimagwedezeka. Ndinafulumira kukanula putty asanafewe, ndinangomva the! Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ine tsiku limenelo kudekha kunalibe. Latsopano ndaikamo, loyera bwino, koma pakati pa anzake likuoneka ngati dzino lagolide.

Pomwe ndimasesa zidutswa panja, agogo a nyumba yoyandikana nafe anali pa masitepe awo monga mwa masiku onse. Ndi mayi wachikuda wa konkuno, akhala pa lendi mumsewu uno kuyambira ali mtsikana. Anandiyang'ana kwa kanthawi n'kunena kuti, "Mwanawe, mawindo amenewo ine ndinawaona atakhomedwa mapulanga zaka khumi ndi kuposa. Galasi limodzi lisakudandaulitse." Ndinakhala pansi, ntchito inathera pomwepo.

Mbiri ya dera lino ndinkaidziwa ya pa zikwangwani za alendo. Ajeremani anadzazana muno m'zaka za m'ma 1800. Pakati pa iwo ndi tauni pankadutsa ngalande ya Miami and Erie, yomwe anthu ankaitcha Rhine potengera mtsinje wa kwawo kwa Ajeremaniwo, ndiye wowoloka kubwera kuno ankati wapita kutsidya kwa Rhine. Ngalandeyo inaphwetsedwa, pamwamba pake ndi pomwe pali msewu wa Central Parkway, ndipo pansi pake pali njira ya sitima ya pansi pa nthaka yomwe anakumba m'ma 1920 koma sitima sinayendemo ndi tsiku limodzi lomwe. Cha m'ma 1900 muno munkakhala anthu pafupifupi 45,000, mowa ukufulidwa m'mafakitale ambiri. Kenaka nkhondo yoyamba ya dziko lonse inadanitsa anthu ndi chilichonse chachijeremani, mpaka Bremen Street anaisintha kukhala Republic Street. Lamulo loletsa mowa la mu 1920 linatseka mafakitale. Amene anali ndi ndalama anasamukira kumapiri ozungulira mzindawu, m'nyumba zawo munalowa amphawi ochokera ku mapiri a Appalachia ndi anthu akuda, ambiri mwa iwo atagumuliridwa nyumba ku West End, dera loyandikana ndi lino, kuti kudutse msewu waukulu. Pofika 2000 anthu a muno sankakwana 8,000.

Agogo sanayambire kumeneko. Anayambira mu Epulo 2001, pamene wapolisi anaombera mnyamata wa zaka 19, Timothy Thomas, m'kanjira ka pafupi ndi Republic Street yomweyo, alibe chida chilichonse. Kunabuka zipolowe masiku angapo, meya analamula kuti usiku aliyense akhale m'nyumba. Agogo akuti ankagona pansi, kutali ndi windo, ana awo atawapanikiza kukhoma. Zitatha zimenezo ndi pomwe akuluakulu a makampani ndi a mzinda anakhazikitsa bungwe la 3CDC mu 2003, lomwe linagula nyumba zambiri zosiyidwa n'kuyamba kuzikonza, kuyambira kumwera cha ku Vine Street. Washington Park inatsegulidwanso mu 2012 itakonzedwa. "Pakiyo ndi yokongola, sindinama," anatero agogo. "Koma amene ndinkakhala nawo pa mabenchi aja sindiwaonanso."

Mawindo otha: awiri.

Meyi

Dothi la kuseri tinalitumiza kokayezetsa, labwera ndi mtovu wambiri. Sizodabwitsa: zaka zoposa 100 za penti wosuwa ndi utsi wa malasha zinathera momwemo. Ndakhoma mabokosi atatu a matabwa, pansi ndayala nsalu, dothi tagula la m'matumba. Munthu wobadwira kumudzi kugula dothi ndi ndalama! Amayi anga ndikawauza pafoni adzati mwana wapenga.

Tadzala mpiru, tomato ndi maungu. Kuno maungu sadzala chisanu chisanatheretu, ndiye tinadikira mpaka pakati pa mwezi.

Loweruka ndinachita manyazi pang'ono pamsika. Findlay Market ili pawiri. Pali nyumba yaitali ya mafelemu achitsulo, yomwe yakhala ikugulitsa malonda kuyambira 1855 osalekeza, ndipo ndiwo msika wakale kuposa yonse yotere m'chigawo cha Ohio. M'menemo ndi mwa mabutchala, ansomba, atchizi ndi azokometsera ndiwo, tsiku lililonse kupatula Lolemba. Ndiye pali shedi ya panja komwe alimi amabwera Loweruka ndi Lamulungu ndi zokolola zawo. Ndinapita kwa bambo wina wachikulire wa ndevu zoyera amene timagulako mazira, n'kuwafunsa ngati angamandibweretsereko masamba a maungu. Anaganiza kuti ndikufuna maluwa ake, poti amenewo ophika m'malesitilanti amagula. Ndinati ayi, masamba, ansonga anthete. Anandifunsa ngati ndikuweta akalulu. Nditafotokoza kuti timasadzula, kuwadula n'kutendera, anaseka mpaka kugwira tebulo, koma anati maungu akayanga adzabweretsa. Ndinaonjeza kuti ngati m'munda mwawo mumamera bonongwe asamataye. Nditawaonetsa chithunzi pafoni anagwira kumutu: udzu umenewo iwo amalimbana nawo chaka ndi chaka.

Juni

Mwezi uno wadya ndalama. Khoma lakuseri sindikanalitha ndekha, ndaitana mmisiri.

Atangoliona anadziwa chomwe chinachitika. Njerwa za nthawi imeneyo n'zofewa, ndipo ankamangira laimu ndi mchenga. Matope a laimu amalola chinyezi kutuluka, komanso khoma likamafutukuka ndi kutentha iwo ndiwo amagonja, njerwa n'kutsala yabwinobwino. Wina zaka zapitazo anamata mizere yonse ndi simenti yolimba. Madzi akalowa amasowa potulukira, amakhala m'njerwa, ndiye chisanu chikafika amaundana n'kufufuma, nkhope ya njerwa n'kugamphuka. Anandipatsa njerwa imodzi kuti ndiigwire: inafumbutuka m'manja ngati chigumu chouma, pamene simenti ya m'mbali mwake ili gwa.

Ine ndinakulira kuganiza kuti simenti ikachuluka ndiye kuti nyumba yalimba. Pano ndikulipira munthu kuti aichotse. Wagwira masiku asanu ndi anayi, kugoba mzere uliwonse ndi tchizulo, kusintha njerwa 60 ndi zina zakale zogula kwa ogumula nyumba, n'kumata laimu pang'onopang'ono. Madzulo alionse ndimathirira khomalo ndi madzi ngati mbewu, poti laimu akauma msanga amang'aluka. Ndalama yomwe tinasungira mawindo oteteza chisanu akunja yapita yonse.

Mawindo otha: atatu. Lachinayi lili m'bokosi la nthunzi.

Julayi, pakati

Maungu athu afa. Dzulo anali bwinobwino, lero masana ndapeza afota ngati athiridwa madzi otentha. Patsinde pali kabowo ndi tinyenyeswa tonga utuchi. Ndang'amba ndi mpeni, m'kati muli mphutsi yoyera yonenepa. Akuti ndi kagulugufe kena kamene kamaikira mazira patsinde kumayambiriro kwa chilimwe. Chaka chamawa ndidzakuta matsinde.

Julayi, kumapeto

Bambo a mazira aja asunga lonjezo. Loweruka anatulutsa pansi pa tebulo jumbo yodzaza nkhwani, ina ya bonongwe, ndipo ndalama anakana. Tinakangana mpaka anavomera madola awiri. Mayi wina amene anaima pambali, wochokera ku Congo, anangoti waona masambawo n'kufunsa ngati atsalako. Sabata yotsatira bambo aja anabwera ndi majumbo asanu, ndi kachikwangwani kolemba pamanja.

Madzulo amenewo mayi a kunyumba anakhala pa masitepe kusadzula, mwana akutola ulusi wake. Nsinjiro tinasinja m'kamakina kogayira khofi. Ufa ndi wa chimanga choyera wa m'sitolo, wokhakhala pang'ono ngati mgaiwa, koma nsima imagwira. Tinapatsirako agogo mbale. Anabweza mbaleyo m'mawa muli goetta, chakudya cha Ajeremani a mumzinda uno: nyama ya nkhumba ndi ya ng'ombe yogaya, yosakaniza ndi oats, yoduladula n'kukazinga mpaka kunja kukhale khirichikhirichi. Amphawi akale ankachulukitsira nyama yochepa mwa njira imeneyo. Lero m'malesitilanti a pa Vine Street mbale yake mtengo wake ndi wa nkhuku yathunthu.

Ndaona kuti m'dera lonse lino, pamsika pokha ndi pomwe anthu akale ndi atsopanofe timaima pamzere umodzi. Kumalo omwera mowa a m'mafakitale akale aja, monga Rhinegeist yomwe inatsegulidwa mu 2013 m'nyumba ya kampani yakale ya Christian Moerlein, agogo sanapondeko. Sitima ya mumsewu yomwe inayamba kuyenda mu 2016, ndipo kuyambira 2020 ndi yaulere, imazungulira kuchoka kumsika kuno mpaka kumtsinje wa Ohio, koma siifika komwe anthu ambiri a mumsewu wathu amagwira ntchito. Iwo amadikirabe basi. Pamsika ndiye aliyense ali ndi chomufikitsa. Wina akugula tchizi cha madola 30, wina mapazi a nkhumba ndi khadi la boma lothandizira chakudya, butchala yemweyo, sikelo yomweyo.

Ogasiti

Kutentha kwa chinyezi, putty sakuuma. Amafunika sabata ziwiri kuti agwire khungu ndisanapake penti, pano akutenga zitatu. Ndasintha kagwiridwe: mawindo awiri nthawi imodzi, lina likuuma lina ndikupala. Matabwa ndikumayamba ndawamwetsa mafuta a linseed, apo ayi amayamwa mafuta a mu putty n'kumusiya wouma ngati dothi.

Lachisanu ndamanga zingwe za windo la kuchipinda chathu. Poyamba ndinalakwitsa muyeso, chitsulo chimagunda pansi windo lisanafike pamwamba. Ndafupikitsa. Kenaka ndinaitana mayi kuti ayese. Anakweza ndi chala chimodzi, windo linaima pakati osagwa, mphepo ya madzulo n'kulowa pamodzi ndi fungo la nyama yowotcha kumsika. Sananene kanthu. Anatsitsa, anakwezanso, katatu.

Otha: asanu.

Sepitembala

Agogo alandira kalata. Nyumba yomwe akhalamo zaka zonsezi yagulidwa, eni atsopano akufuna kuikonza yonse, onse okhalamo atuluke pofika kumapeto kwa Okutobala. Zonse zili mwalamulo. Anandionetsa kalatayo pa masitepe, atapinda kanayi, n'kundifunsa ngati ndawerengamo china chomwe iwo sanaone. Munalibe.

Sabata yomweyo ine ndinali ndi mafomu anga patebulo. Mzinda uno umachepetsera msonkho kwa zaka zingapo munthu amene wakonzanso nyumba yakale, pofuna kuti nyumba zisagwe. Ndi lamulo lomwe linatilimbitsa mtima pogula, ndipo popanda ilo khoma lija sitikanalikwanitsa. Koma ndikakhala pansi n'kuwerengera, windo lililonse lomwe ndamaliza lakweza mtengo wa msewu uno. Wogula nyumba ya agogo anayenda mumsewu muno, anaona penti watsopano ndi njerwa zomatidwa bwino, zina mwa izo zanga, n'kuona kuti nthawi yakwana. Nyumbazi zikanasiyidwa zikanagwa, zambiri zinagwa kale, ndipo mu 2006 dera lino linali pa mndandanda wa malo 11 akale omwe anali pangozi kwambiri m'dziko la America. Sindinganene kuti bola zikanagwa. Komanso sindingayang'ane agogo m'maso n'kuwauza kuti dera lathu latukuka, poti mawu akuti lathuwo sakutiphatikizanso tonse. Amene anagona pansi mu 2001 ndi iwo. Ine ndabwera kutacha, ndipo wotsala ndine.

Mafomu ndatumiza. Ndathandizanso mdzukulu wawo kulemba makalata ofunsira malo kumabungwe omwe ali ndi nyumba za lendi yotsika muno, koma kulikonse mzere ndi wautali.

Za msika: kwabwera chipatso chomwe akuchitcha pawpaw. Ndinathamangira poganiza kuti ndi papaya. Si papaya ngakhale pang'ono. N'chobiriwira, kukula ngati mango aang'ono, m'kati mwachikasu mofewa, nthangala zikuluzikulu zakuda. Chimamera chokha m'nkhalango za kuno ndipo sichichedwa kuola, n'chifukwa chake m'masitolo akuluakulu mulibe. Nditaluma ndinaima kaye: mpoza! Ndafufuza, ndi banja limodzi ndithu. Ndinagula zisanu ndi chimodzi, ziwiri ndinadyera panjira.

Okutobala, kumapeto

Lonjezo ndaphonya. Mawindo otha ndi asanu ndi limodzi. Lotsala ndi la kukhitchini, lomwe thabwa lake la m'munsi linawoleratu. Ndapereka kwa kalipentala kuti aseme lina, akuti sabata zitatu. Pabowopo pali pulaiwudi ndi pulasitiki. Mayi a kunyumba akadutsapo amangotsokomola.

Chisanu choyamba chagwa usiku wa Lachiwiri, tomato wapserera. Mpiru ukadalipo, ndipo ukukoma kuposa kale. Khoma lakuseri lauma bwino, mvula ya sabata yatha sinalowe. Mwana tinakamuyezetsa magazi, mtovu uli pansi, mtima wanga wakhala m'malo.

Agogo anasamuka Loweruka lapitalo. Apita kwa mwana wawo kumadzulo kwa mzinda, mabasi awiri kuchoka kuno. Ndinanyamula nawo katundu: bedi, mipando inayi, mapoto, zithunzi za m'mafelemu zokulunga m'matawulo. Mpando wa pulasitiki womwe ankakhalira pa masitepe anati ndisunge ine, chifukwa Loweruka azibwerabe kudzagula nyama kwa butchala wawo, ndipo miyendo ikatopa azidzapumira pakhomo pathu. Ndauika m'khonde. Nyumba yawo aikhoma kale mapulanga m'mawindo, panja paima chibini chachikulu cha zinyalala. Dzulo ndinaona anyamata akuponyamo mafelemu akale, magalasi ake a madzimadzi aja ali omwemo. Ndinapempha kapitawo, anati tengani. Ndapulumutsa anayi, ali m'chipinda chapansi.

Zotsala mwezi wamawa: windo la kukhitchini, timizere totsekera mphepo m'mbali mwa mawindo onse, ndi kuchotsa galasi loyera lija la mu Epulo kuti ndiikemo limodzi la kwa agogo. Ndayeza kale, likufunika kudula pang'ono m'mbali imodzi. Bambo a mazira akuti nkhwani watha mpaka chaka chamawa, koma Loweruka abweretsa maungu awiri okhwima oti ndisungeko nthangala.